Chingwe cha Mkwatibwi wa kwa Mposa

Mukatsika basi pa Balaka, mufunse telala amene sagwira tepi. Wakabaza aliyense akulozerani khonde la sitolo ya a Lyford, ogulitsa simenti ndi malata. Pamenepo mupeza Che Usumani ali chiweramire pa makina awo akuda. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zowerengeka, mzuli wopendekera kumanzere ngati ukumvetsera miseche ya pamsika. Miyendo ndi ya nkhwali, koma ikayamba kupalasa makina, ngakhale wachigayo amasuzumira kuti kwabwera mnzake.

Khonde limeneli analifika ali mwana wa mamina, sitolo ikadali ya mmwenye wina dzina lake Lalji, amene anthu anamuwongolera dzina kukhala Che Laliji. Ntchito yawo inali kusesa ndi kuthamangitsa mbuzi. Mkazi wa Che Laliji ndiye anaona kuti maso a mwanayu sachoka pa makina, namuphunzitsa kulowetsa ulusi, kupinda ndi kudula. Zonse anagwira msanga kupatula tepi. Sukulu ankaidutsa panja, moti manambala a pa tepi mpaka lero amawaona ngati nyerere zafola. Mayi uja anakalipa, anakalipa, kenako anatopa. Amwenye atauzidwa kuti achoke m'matauni aang'ono, banjalo linapita ku Limbe, patsogolo pake kwawo ku India, makina n'kutsala m'manja mwa Che Usumani. Sitolo yasintha eni kanayi. Aliyense wogula amapeza telala ali pakhonde ngati nsanamira, ndipo palibe anayesapo kuizula.

Nanga amayesa bwanji anthu? Amang'amba kansalu kotsala, kataliitali ngati chingwe, n'kukuzunguliza. Mapewa, mfundo. Chifuwa, mfundo. Chiuno, mfundo. Kunsi kwa chiuno, kumene ena Mulungu anawakondera, mfundo ina, mpaka kutalika. Amuna amawayesa okha. Akazi iyayi, dzanja lawo silifika pa mkazi wa mwini. Imeneyo ndi ntchito ya mayi a kunyumba, Saida, amene aliyense amawatcha Abiti Akimu. Iwowa amakazinga mandasi kumapeto kwa khonde lomwelo, ndipo mkazi akabwera amapukuta m'manja, n'kupita naye kuseri kwa matumba a simenti.

Chingwe chikamangidwa chimakolekedwa pa msomali wake pakhoma. Misomaliyo yapitirira zana, ndipo palibe dzina lolembedwa. Dzina ndi malo. Mzere wapamwamba ndi wa akuluakulu a kumzikiti, wotsatira ndi wa amayi a Katolika, kenako aphunzitsi, apolisi, ogulitsa tomato a ku Phalula, ndipo pakona, pafupi ndi chitseko, pali abale a kuchikazi. Mtundu wa chingwe sunena kanthu, chifukwa amangotola kansalu kamene kali pafupi. Shehe akhoza kukhala ndi chingwe cha maluwa, namwali cha khaki. Mukawafunsa Che Usumani chifukwa chake salemba, amayankha kuti, "Inu mumalemba dzina pa mwana wanu kuti musamuiwale?"

Ndi zingwe zimenezi aphunzitsa ana asanu, afolera nyumba ndi malata, ndipo chinthu chimene amanyada nacho, mwina mopitirira pamene Msilamu ayenera kunyadira, n'chakuti chovala chawo sichinabwererepo kuti chathina kapena chakhwepa.

Sabata imene tikunenayi, pansi pa tebulo lawo panali jumbo imene sankalola ngakhale ntchentche kuteramo. Munali nsalu ya lesi, yoyera, ya timikanda tonyezimira. Anaigula ku Joni ndi Zubairu, mnyamata amene anakatsuka magalimoto kumeneko zaka zitatu kuti adzakwatire Yasmin wa kwa Mposa, mwana wa mchemwali wawo wa Abiti Akimu. Nsaluyo inali yokwanira diresi limodzi lokha. Kulakwitsa kudula, basi, kunalibe ina pa Balaka, ku Liwonde ngakhale ku Zomba. Ukwati unali Lamulungu likudzalo. Chingwe cha mkwatibwi Abiti Akimu anakachimanga okha kumudzi mwezi wathawo, ndipo chinali phee pa msomali wa pakona.

Lolemba m'mawa panaima njinga yamoto ya Clever, bambo wa ana anayi amene anafika Fomu 4 ndipo salola munthu kuiwala zimenezo. Kumbuyo kwake kunatsika mtsikana wachimwenye, wowonda ngati bango, chikwama kumsana, foni m'manja. Anayang'ana sitolo, anayang'ana chithunzi chakale chimene ananyamula, nayang'ananso sitolo. Kenako anagwada pang'ono pamaso pa Che Usumani n'kunena mwaulemu wonse, "Bwera mawa."

"Wati chiyani?" anafunsa Che Usumani.

"Akukupatsani moni, madala," anatero Clever. "Chichewa chawo ndi chimene anatola kwa agogo awo. Ali ndi mawu atatu: bwera mawa, usagwire, ndi pang'onopang'ono."

Che Usumani anavula magalasi, namuyang'ana bwino mlendoyo.

"Mphuno iyi ndikuidziwa. Ndi mphuno imene inkandikalipira. Uyu ndi wa kwa Che Laliji!"

Analidi. Dzina lake anali Hetal, mdzukulu wa mayi uja wa makina. Abiti Akimu anasiya chiwaya pamoto, namukumbatira mpaka kumupaka mafuta, ngakhale kuti agogo akewo sanawaonepo.

"Ndiye wadzatani? Wadzalanda makina?"

"Iyayi, amalemba bulogu," anatero Clever.

"Matenda amenewo ndi otani?"

"Ndi nyuzipepala ya munthu mmodzi, ya pa intaneti. Mtolankhani yemweyo, mkonzi yemweyo, wojambula yemweyo. Amayenda m'maiko kulemba mmene anthu amakhalira, anzake ku India n'kumawerenga."

"Alibe zochita kumeneko?"

Masiku awiri Hetal anakhala pa benchi ya makasitomala, akujambula ndi kulemba. Madzulo Clever ankatsegula foni n'kuwamasulira, mwina mothira mchere, amadziwa ndi Mulungu. Analemba kuti anthu a pa Balaka amapatsana moni wautali kuposa nkhani imene abwerera. Analemba kuti anaona mbuzi itakwera kabaza, itakhala bwino kuposa anthu a m'sitima za kwawo. Analemba kuti tiyi wa kuno ndi shuga amene wathiridwa madzi pang'ono. Za Che Usumani analemba kuti ndi telala wa pakhonde ngati amene ali mumsewu wa kwawo, kungoti wa kuno amasunga tauni yonse pakhoma.

"Ayankha anthu makumi asanu ndi awiri," anatero Clever. "Uyu akuti amayi ake nawonso ankayesa ndi ulusi. Uyu akufunsa ngati mumasoka buluzi ya sari. Uyu ndi mayi wamasiye, akufunsa ngati muli pabanja."

"Muuzeni abwere," anayankha Abiti Akimu ali kuchiwaya. "Adzayambe ndi kuchapa mzuliwo."

Tsiku lotsatira Che Usumani anabwera atapesa ndevu zonse zisanu ndi ziwiri.

Lachitatu masana Che Usumani anapita kumzikiti kukaswali. Abiti Akimu anali atathamangira kumsika mafuta atatha, Clever atapeza wokwera wa ku Nsamala, a Lyford ali m'kati ndi makasitomala. Hetal anatsala yekha ndi khoma. Owerenga ake anali atapempha chithunzi chabwino cha zingwe zija, ndipo iye ataliyang'ana khomalo anaona chipwirikiti: chofiira pafupi ndi chobiriwira, chakuda pakati pa zachikasu. Mwana wa eni ake, mtima wabwino, anati awathandize madala. Anatsitsa zonse, anakuntha fumbi, nazikoleka mwa mitundu. Zofiira pazokha, zachikasu pazokha, zobiriwira pazokha, zoyera zonse pa msomali umodzi wapakati.

Che Usumani pobwera, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja, anaima pa sitepe. Khoma linali lokongola ngati utawaleza, ndipo Hetal anali pambali pake akumwetulira, kudikira kuyamikiridwa.

Anakhala pansi pa sitepe pomwepo. Anavula mzuli, nauyang'ana m'kati ngati muli yankho.

"Innalillahi," anatero chapansipansi. "Shehe ali pamodzi ndi amayi a kwaya."

Clever atafika n'kumva, anamufotokozera Hetal. Kumwetulira kuja kunazima ngati nyali yatha mafuta. Anayamba kupepesa m'Chingerezi, m'chinenero cha kwawo, mpaka ndi manja.

"Mufunse," anatero Che Usumani. "Agogo ake anamuphunzitsa mawu akuti usagwire. Tanthauzo lake anamubisira?"

"Musamuliritse mlendo, abambo ake Nasiru," anadula Abiti Akimu, amene anali atafika ndi botolo la mafuta. "A pa Balaka abweranso mmodzimmodzi tiwayese, miyendo ali nayo. Nkhani ndi ya Yasmin."

Nkhani inalidi ya Yasmin. Chingwe chake chinali choyera, chong'ambidwa ku nsalu ya mabuluzi a amayi a Katolika amene ankasokedwa mwezi umenewo. Pa msomali wapakati panali zoyera khumi ndi chimodzi. Anaziyala pa tebulo. Zitatu zinali za anthu amene pakhomo amalowa cham'mbali, anazichotsa. Zitatu zinali za amuna. Zinatsala zisanu, zosiyana chala chimodzi apa, zala ziwiri apo. Abiti Akimu anazitembenuza, anazinunkhiza, napukusa mutu.

"Zonse ndinamanga ndine. Mfundo zanga n'zofanana ngati ana a nkhuku imodzi."

Hetal anakumbukira foni. Zithunzi zinalimo zoposa mazana atatu, ndipo onse anaunjikana kuona. Mbuzi ya pa kabaza inalimo kakhumi. Mapazi a Che Usumani akupalasa makina, ming'alu yonse ikuoneka. Mandasi pafupi, mandasi patali. Khoma lisanasokonezedwe linapezeka pa chithunzi chimodzi chokha, chimene anadzijambula yekha, ndipo pamene panali msomali wa pakona panali mutu wake.

"Mphuno ija," anatero Che Usumani.

"Madala, dziko linapita patsogolo," anatero Clever. "Tiimbe foni kwa Mposa, wina apeze tepi, amuyese, atitumizire manambala. Ine ndikuwerengerani."

"Iwe ndi manambala ako. Woyesayo akoka mothina kapena momasula, ndidziwa bwanji? Mfundo ya Abiti Akimu imandiuza ndi mpweya womwe umene munthu wapuma. Nsalu ya zaka zitatu ndiidule ndi zonena za pa foni?"

"Ndiye mkwatibwi abwere."

Abiti Akimu anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Iwe unakwatira bwanji? Mwana ali m'nyumba, anankungwi akumulanga. Satuluka mpaka Lamulungu, ndipo mwamuna salowamo ngakhale atakhala wa Fomu 4. Ndipita ndekha mawa. Ndipo uyu wasokonezayu tipitira limodzi, akagwire kunsonga. Si amafuna kuona mmene timakhalira?"

Lachinayi m'mawa ananyamuka atatu pa njinga ya Clever mpaka pa siteji, kenako minibasi ya ku Liwonde. Abiti Akimu anati akatsalira konko kuthandiza zophika, chingwe chidzabwera ndi mlendo Lachisanu.

Tsiku limenelo linawatalikira Che Usumani. Anasoka zigamba ziwiri, anayesanso wapolisi mmodzi amene anadabwa kuti mimba yake yakula osamuuza. Kenako anatulutsa lesi uja, namuyala pa tebulo. Anawerenga pa zala: chingwe chikafika Lachisanu masana, atsala ndi theka la tsiku ndi m'mawa wa Loweruka, pa nsalu ya mikanda imene imathyola singano ukaithamangira. Nanga minibasi ikafa panjira? Anatenga zingwe zisanu zija, naziyang'ana nthawi yaitali. Chachitatu chinkawakopa. Yasmin ankamudziwa kuyambira ali kumsana, mapewa ngati a Abiti Akimu. Anachiyala pa nsalu, natenga choko.

"A Shehe, mukuombeza?" anafunsa a Lyford, amene ankakonda kuwatcha choncho mowaseka, atatsamira chitseko.

"Ndikuganiza, bwana landilodi."

"Mukalakwitsa musadandaule, matumba a simenti ndili nawo ambiri. Timuboolera pamutu ndi m'manja."

"Inu simenti mukaumitsa molakwika mumatani?"

"Timagumula."

"Eya. Ine ndilibe chogumula."

Anabwezera choko m'chitini, napinda nsalu. Madzulo onse anathera kunola sizasi ndi kuthira mafuta makina amene sanali kufuna mafuta.

Lachisanu Che Usumani pochokera kumzikiti ku mapemphero a Juma anapeza njinga ya Clever ili pakhonde. Hetal anali pa benchi, atavala chitenje chomangidwa mwaukatswiri umene sunali wake, fumbi mpaka m'nsidze. Atawaona anaimirira, natembenukira kukhoma, namasula chingwe chimene anachimanga m'chiuno mwake m'kati mwa malaya. Anachipereka ndi manja awiri.

"Njira yonse wakana kuti ndichigwire," anadandaula Clever. "Ngakhale kuchiona."

"Wayamba nzeru. Nanga kumeneko waonako zotani?"

Clever anafunsa, namasulira. Pakhomo pa nyumba ija anankungwi anamulanda foni n'kuivundikira ndi lichero. Anamuvula nsapato, anamumanga chitenje, namuvinitsa, ndipo anaseka chiuno chake mpaka mmodzi anagwa pa mphasa. Iye anagwira kunsonga kwa chingwe, Abiti Akimu akumanga mfundo, mkwatibwi ali chilili maso pansi.

"Kenako?"

"Akuti zotsalazo anamulumbiritsa. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, ndikudya mpunga wa matemba. Akuti popanda womasulira anamva zonse."

"Ndiye alemba chiyani m'nyuzipepala yake ija?"

Hetal anaganiza, nayankha mwachidule.

"Akuti alemba kuti analowa, ndipo anatuluka."

Che Usumani anayala chingwe chatsopano pa tebulo. Pofuna kudziwa ngati diso lawo linalondola, anaika chachitatu chija pambali pake. Mapewa anagwirizana ndendende, kutalika chimodzimodzi. Koma pachifuwa chatsopano chinapitirira ndi zala ziwiri, m'chiuno zala zitatu, kunsi kuja zala zinayi. Anayesa zinzake zinayi, palibe chinafikako.

"Abiti Akimu anati ndikuuzeni," anatero Clever. "Chiyambire kumukonzekeretsa, mwana sapita kumunda, satunga madzi. Azakhali ake onse akupikisana kumudyetsa mpunga wa nsinjiro. Akuti mukanadula ndi chingwe chakale chija, mkwatibwi akanalowa mwendo umodzi."

A Lyford anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye muthokozeni mlendo, a Shehe! Wakupulumutsani."

"Ine ndimasiya malo m'mphepete nthawi zonse," anatero Che Usumani, osayang'ana munthu.

"Zala zinayi? Pa lesi?"

"Bwana landilodi, kasitomala akukudikirani m'katimo."

Munalibe kasitomala aliyense. Che Usumani anatambasula nsalu, anajambula ndi choko, nati bisimillahi, sizasi n'kulowa. Atadula mbali yoyamba anakodola Hetal, namugwiritsa kumapeto kwa nsalu kuti isakhudze pansi, ndipo anatumiza Clever kukagula tiyi wa anthu anayi, wa mlendo akhale wa shuga wambiri.

Makina analira madzulo onse mpaka kuwala kutatha, nayambanso Loweruka tambala atangotsika. Singano zinathyoka zitatu. Dzuwa lisanafike pamutu diresi linali litasitidwa, litakulungidwa m'chitenje chatsopano, lili pa miyendo ya mwini ntchito m'minibasi, ndipo kondakitala atafuna kuliika kumbuyo ndi matumba a chimanga anamva mawu amene sitingalembe pano.

Lamulungu kwa Mposa kunadzaza anthu. Shehe atamaliza zake, amayi anatuluka ndi mkwatibwi, nthungululu zili pakamwa. Anthu onse ankayang'ana nkhope ya Yasmin, Zubairu akungomeza malovu. Che Usumani okha maso anali pa mapewa, anatsikira m'khwapa, anadikira kuti akhale pampando. Anakhala. Msoko sunalire, nsalu sinakwinyike, ndipo pamene anaweramira kulandira mphatso, zipi anakhala chete.

Hetal, amene tsopano anamubwezera foni yake, anali uku ndi uku pakati pa amayi, akujambula ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chitenje chimene chinayamba kumasuka.

Abiti Akimu anafika ndi mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi, naiika patsogolo pa amuna awo.

"Mwaona ntchito, Abiti Akimu?" anatero Che Usumani, chifuwa chili patsogolo.

"Ndaona. Anthu akufunsa kuti anayesa ndani."

"Akufunsa kuti anasoka ndani."

"Idyani, abambo ake Nasiru, mpunga ukuzizira. Mawa m'mawa tinyamuke, kuli anthu zana oti tiwayesenso."

Che Usumani anasamba m'manja, napinda mkono wa mkanjo kuti usadonthere msuzi, nayamba ndi chiwindi.